Kwa mnzanga wa ku Joni, za mzere wa ku banki

Bangwe, Blantyre

Achemwali,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ndipo ntchito ikuyenda. Kuno tilipo, kungoti dzuwa likuswa mtengo, ndipo fumbi la m'Bangwe ukulidziwa kale. Amayi ako ali bwino, bondo lija ndi lomwe limawavuta m'mawa. Mwana wako wabwerera kusukulu Lamulungu lapitali. Watalika, moti nsapato unatumiza chaka chatha zija zayamba kumuthina.

Uthenga wako wa mawu uja ndinaumvera kawiri. Umafunsa kuti bwanji ndimawatenga amayi mwezi ndi mwezi kupita nawo ku Limbe kukaima pamzere wa ku banki, pomwe masiku ano munthu amalipira chilichonse pafoni ali chigonere pamphasa. Unati iweyo chaka chino sunapondemo m'banki ku Johannesburg konseko. Ndikanakuyankha pa WhatsApp pompo tikanangokwiyitsana, ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembere bwinobwino mmene ulendo wa Lachisanu unayendera, kenako ugamule wekha.

Ndalama unatumiza pa Mukuru zija tinakatenga Lachinayi, amayi atanyamula chiphaso chawo cha unzika m'kajumbo kuti chisanyowe ndi thukuta. Madzulo titatseka chitseko anaziyala patebulo n'kuzigawa milumilu: wa lendi, wa madzi, wa fizi ya mwana, wa magetsi. Mulu uliwonse anaumanga ndi kamphira kake. Anawerenga katatu, ine kamodzi, iwo n'kubwerezanso poti sandikhulupirira pa masamu. Kenako anazikulunga m'kansalu, m'mawa n'kumangirira m'chiuno mkati mwa chitenje, pomwe wopisa m'matumba wa m'minibasi sangafike.

Cholakwa chathu chinali tsiku. Linali Lachisanu, komanso mwezi ukutha. Tinatsika minibasi ku Limbe nthawi isanakwane 8 koloko, koma tinapeza mzere watuluka kale pakhonde la banki n'kukhota pakona. Aphunzitsi, anamwino, apolisi ovala yunifolomu, madala a penshoni atavala majekete awo akale, amayi a geni ali ndi ndalama za masamba m'timatumba, onse tsiku limodzi. Mlonda atatsegula anawaona amayi akutsimphina, ndiye anati, "Agogo, bwerani mukhale apa, mwana wanuyu ndiye aime." Anawapatsa mpando pafupi ndi fani. Ine mwana wa zaka 41 ndinakaima.

Waiwala kapena mmene silipi ya ku banki imakhalira. Pali polemba dzina la mwini akaunti, nambala ya akaunti, dzina la wopereka ndalama, nambala yake ya foni, tsiku, kenako timizere tolemba kuti ma K5,000 alipo angati, ma K2,000 angati, mpaka kutsika. Pansi pake ulembe ndalama yonseyo m'mawu, m'Chingerezi, ndipo apa ndi pomwe amayi amandifunira. Bolopeni yomangirira ndi chingwe pakauntala ija sinkalemba, monga mwa nthawi zonse, koma amayi anatulutsa yawo m'bulauzi. Amadziwa.

Pamene unkachoka mu 2019 ndalama yaikulu inali K2,000 ya Chilembwe ija, yomwe inabwera mu 2016. Ya K5,000 yokhala ndi nkhope ya Kamuzu inatulukira mu 2022, iwe uli kale kumeneko. Tinkaganiza kuti tsopano ndalama ya lendi izikwana m'kaenvelopu kopyapyala. Koma kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu inathamanga, mpukutu n'kunenepanso ngati kale. Ndikuuza izi kuti usamadabwe: ma rand ako akasinthidwa amaoneka ambiri papepala, koma akangofika pakauntala amasungunuka ngati mchere m'ndiwo.

Ndinaima maola awiri. Kutsogolo kwanga kunali bambo wina wa penshoni yemwe anali mphunzitsi ku Thyolo, kumbuyo mtsikana wodzalipirira bwana wake msonkho wa nyumba wa ku khonsolo. Pamzere wa ku banki anthu amasanduka achibale msanga. Wina akafuna kukayankha foni panja amangoti "mundisungire malo," ndipo amasungiridwadi. Titatsala anthu asanu kuti tifike, matelala onse anangoleka kugogoda makompyuta. Mmodzi anaimirira n'kunena kuti netiweki yathawa, tipirire pang'ono. M'banki monse munamveka "aaa!" ngati mpira waphonya golo. Bambo a penshoni aja anangoseka n'kuti iwo anazolowera, amabwera ndi chigumu m'thumba. Anandigawira. Ndinayang'ana kumene kunali amayi ndili ndi nkhawa kuti atopa, koma ndinawapeza ali pakati pa nkhani ndi gogo wina, akuuzana za mankhwala a bondo.

Netiweki inabwerera patatha pafupifupi mphindi 40. Nditafika pawindo ndinapereka masilipi atatu. Wa lendi unadutsa, wa fizi unadutsa. Pa wa madzi telala anayang'ana kompyuta, n'kuyang'ana ine, n'kuti, "Amayi, nambala mwalembayi ndi ya mita, ife tikufuna ya akaunti." Manyazi ake! Bilu ili m'manja mwanga, manambala onse awiri ali pomwepo, ine n'kukopera yolakwika. Mtsikanayo anali waulemu, anandipatsa silipi ina kuti ndilembere pambali pomwepo osabwerera kumapeto kwa mzere. Ndaganizira pambuyo pake kuti ndikanalakwitsa chonchi pafoni ndili ndekha usiku, panalibe wondigwira dzanja.

Apa ndi pomwe ndinawaitana amayi, poti iwo amafuna kuona ndi maso awo. Makina owerengera ndalama anachita phululuuu, telala anasaina, kenako ananyamula chidindo n'kumenya: pha, pha, pha. Ukanaona nkhope ya amayi ako nthawi imeneyo. Silipi iliyonse anaiyandikitsa kumaso, n'kuiweramitsa kukuwala kuti aone ngati tsiku laoneka bwino, n'kuipinda pakati mosamala. Anati kwa telala, "Zikomo mwanangu, Mulungu akudalitse," ngati kuti mwanayo wawapatsa mphatso, chikhalirecho ndi iwo asiya ndalama.

Tsopano pali nkhani imene amayi anandiletsa kukuuza, koma ndikuuza poti ndi yomwe ikuyankha funso lako. Ukukumbuka kuti alandilodi aja anamwalira chaka chatha. Nyumba zija zinatsala m'manja mwa ana, ndipo anawo sakumvana. Mwezi wa Meyi mwana wawo wamwamuna anabwera madzulo ndi kabuku, n'kunena kuti amayi ali ndi ngongole ya miyezi itatu, alipire kapena atuluke mwezi ukatha. Analankhula mokweza, oyandikana nawo nyumba n'kutuluka kudzaonerera. Amayi sanakangane naye. Anatuma mwana kukaitana amfumu a m'dera, anayala mkeka, n'kulowa kuchipinda. Anatuluka ndi chitini cha mabisiketi chija, chomwe tinkachiyesa chosungira mabatani tili ana. M'menemo muli masilipi kuyambira nthawi imene bambo ako anali moyo, omangidwa chaka ndi chaka, ena inki itazimiririka. Anasankha atatu n'kupereka kwa amfumu. Amfumu anawerenga mokweza tsiku, ndalama, nambala ya akaunti, n'kuonetsa chidindo. Zinapezeka kuti ndalamazo zinalowa bwinobwino mu akaunti imene banjalo linapereka, kungoti anazitapa ndi mchemwali wake osamuuza. Mnyamata uja anatseka kabuku kake, kupepesa kwake kunali kong'ung'udza, ndipo sanabwerenso. Amayi anabweza masilipi m'malo mwake, n'kukateleka madzi a tiyi wa amfumu.

Udzanena kuti pafoni pamabweranso uthenga wotsimikiza. N'zoona. Koma foni yanga ija anandisolola m'minibasi chaka chatha, mauthenga onse anapita nayo. Amati ukapita ku ofesi akhoza kukusindikizira zonse unalipira, komatu uko n'kukaimanso pamzere wina. Ndipo ndiuze, amfumu a zaka 70 atakhala pamkeka, angakhulupirire msanga chiyani pakati pa timalemba ta pafoni yosweka galasi ndi pepala la chidindo? Komanso amayi maso achepa mphamvu. Mwezi wathawu wina anawaimbira, mawu okoma, akuti ndi wa ku kampani ya foni, pali ndalama zochokera kunja zimene zatsakamira, anene nambala yawo yachinsinsi kuti azimasule. Poti iwe uli kunjadi, anatsala pang'ono kukhulupirira. Chinawapulumutsa n'choti nambalayo anaiiwala. Ndinaseka mpaka misozi, koma usiku sindinagone.

Usaganize kuti ndikudana ndi foni. Mulu wa magetsi uja sitinapite nawo ku banki. Ndinauika pa Mpamba kwa ejenti wa pamsika, n'kugula mayunitsi a ESCOM ndili pakhonde. Manambala 20 aja anabwera, ndinawabaya pamita, basi. Pamenepo amayi sadandaula, amati umboni wake ndi babu kuyaka. Za madzinso ndikuwanyengerera pang'onopang'ono kuti tizilipira pa Airtel Money n'kumakopera nambala ya risiti m'kope, ndipo akuoneka ngati avomera. Koma fizi ayi, poti kusukulu amafuna mwana afike ndi silipi m'manja tsiku lotsegulira, apo ayi salowa m'kalasi. Lendi ndiye usayerekeze n'komwe kuwauza.

Pali china chimene ndachiona ine woyenda nawo. Tsiku la ku banki amayi amadzuka mbandakucha, amasita chitenje chawo chabwino chija, amavala duku la ku tchalitchi. Masiku ena onse amakhala pakhomo, akuyang'ana nkhuku ndi msewu. Titatuluka m'banki Lachisanu, nthawi itadutsa 11 koloko, ine miyendo ili zii, iwo ndi amene anati tidzere mumsika wa Limbe. Anagula usipa, tomato ndi sopo, anatsutsana mtengo ndi wogulitsa aliyense, anakumana ndi mnzawo wa ku Mvano amene anasamukira ku Machinjiri. M'minibasi pobwerera ndinawafunsa funso lako lomwelo, ngati langa. Anakhala chete mpaka tinadutsa pa sitediyamu yaing'ono ija ya mpira wa ana, kenako anati, "Mwana wanga akutsuka mbale za eni kutali. Ndalama yakeyo ndiziipereka ndi dzanja langa, ndione pomwe yalowa." Sindinawayankhe kanthu.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ngati abwana ako angalole, uzitumiza ndalama pofika pa 15 kapena pa 18, kuti tizipita pakati pa mwezi, Lachiwiri kapena Lachitatu, anthu a boma asanalandire. Masiku amenewo munthu amalowa n'kutuluka theka la ola lisanathe. Uziwonjezerako pang'ono ya minibasi ya anthu awiri, poti yakweranso, ndipo kuchokera pasiteji kufika kunyumba amayi ndimawakweza kabaza chifukwa cha bondo. Za tsiku langa usade nazo nkhawa, okala amandigwirira mlamu wanga, ndipo amayi ako anandidyetsa nsima zambiri ndili mwana kuposa zimene ndingawerenge.

Zithunzi za masilipi atatu aja ndakutumizira pa WhatsApp, uone ngati zafika. Cha fizi chaoneka mbuu pang'ono poti amayi anakana kuti ndiitulutse silipiyo m'kajumbo. Akuti ndikuuze kuti mafuta opaka bondo unatumiza ndi dalaivala wa basi aja atha, ndipo nsapato za mwana ugule saizi 6.

Moni kwa anzako a kwathu amene ukukhala nawo kumeneko.

Ndine mnzako wa pakhomo loyandikana.