Magiza ambiri akufa ndi madzi, osati magetsi okha

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa dandaulo lomwe lafala m'matauni muno loti magiza a masiku ano sakhalitsa. Giza ikangoleka kutenthetsa madzi, chala chimaloza kuthimathima kwa magetsi. Inde, magetsi akabwera mwaukali amatha kuwononga thermostat, kachipangizo kozimitsa giza madzi akatentha mokwanira, koma magiza ambiri amafa ndi madzi omwewo.

Choyamba ndi madzi akasiya m'mipopi. Elementi, kachitsulo kotenthetsa madzi kaja, imayenera kugwira ntchito itamira. Giza ya kudenga imaphwa pang'onopang'ono anthu akamatungabe ku mpopi wa madzi otentha, kapena madzi akamabwerera m'paipi chifukwa chosowa non-return valve, valavu yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo. Swichi ili chiyakire, elementi imatsala pouma n'kupsa m'mphindi zochepa. Choncho madzi akasiya, thimitsani giza. Akabwera, tsegulani mpopi wa madzi otentha mpaka usiye kutsokomola mpweya, madzi atuluke mosadukiza, kenako muyatse.

Amene amagwiritsa ntchito madzi a pachitsime chobowola asuzumire m'ketulo mwawo. Zoyera zouma ngati laimu zija zilinso pa elementi ya giza. Zimaikuta, kutentha n'kumalephera kulowa m'madzi, elementi n'kumadziwotcha yokha. Mukamva giza ikuthetheka kapena kubwata ngati mphika wa nyemba, ndi zimenezo. Kamodzi pachaka thimitsani magetsi pa bolodi, tsekani valavu yolowetsa madzi, lumikizani paipi ya labala pokhuthulira pansi, ndipo tsegulani mpopi wa madzi otentha kuti mpweya ulowe, thanki iphwe ndi matope ake omwe. Chotsani elementi, muiviike mu vinigala, ndipo pobwezera ikani gasket yatsopano, labala yotseka mpata kuti madzi asadonthe, chifukwa yakale ikaphwanyidwa kachiwiri imadontha.

Chomwe eni nyumba ambiri sanamvepo ndi anode. Iyi ndi ndodo ya magnesium yomangidwa m'kati mwa thanki kuti dzimbiri lizidya iyo m'malo mwa thankiyo. Ikatha, dzimbiri limatembenukira ku chitsulo cha thanki, ndipo thanki ikabooka palibenso chokonza, n'kugula ina basi. Muitulutse pa zaka ziwiri zilizonse. Ngati yatsala yowonda ngati waya, sinthani. Madzi ofiirira otuluka ku mpopi wa madzi otentha okha, ozizira ali oyera, ndi chizindikiro choti mwachedwa kale.

Koma chondiopsa kwambiri ndi kutseka paipi yodontha panja. Madzi akatentha amafufuma. Malita 150 akachoka pa madigiri 20 kufika 60 amawonjezeka ndi malita awiri kapena kuposera pang'ono, ndipo amayenera kutuluka kudzera pa valavu yochepetsa mphamvu. Kudontha pang'ono nthawi yomwe giza ikutenthetsa si vuto. Ena poopa bilu ya madzi amatseka paipiyo ndi pulagi, ena amaipinda n'kuimanga ndi mphira. Tsiku lomwe thermostat idzakanirire osazimitsa elementi, madzi adzawira opanda kotulukira, ndipo thanki ikhoza kuphulika n'kugwetsa siling'i pa anthu ogona. Ngati paipiyo ikudontha usana ndi usiku, valavu yatha, musinthe ndi ina yofanana ndi nambala yolembedwa pa giza, kaya 400kPa kapena 600kPa. Ikamalavula nthunzi ndi madzi owira, thimitsani nthawi yomweyo, thermostat yafa.

Thermostat ikhale pa madigiri 60. Kupitirira apo laimu uja amachuluka msanga ndipo ana amapsa posamba. Kutsitsa kwambiri, pansi pa 50, kumapereka mpata kwa tizilombo ta Legionella toyambitsa chibayo. Kutenthetsa malita 150 kamodzi kumadya mayunitsi pafupifupi 7, choncho mpopi wa madzi otentha wodontha ndi ndalama zikutayika.

Kumbali ya magetsi, elementi ya 3kW pa 230V imakoka pafupifupi 13A. Ikufunika waya wa 2.5mm², breaker yakeyake ya 20A ndi earth yolumikizidwa bwino, osati soketi ya wamba. Zomangira waya zikakhwepa zimatentha mpaka kusungunula pulasitiki. Mmisiri asanakuuzeni kuti mugule elementi, ayeze elementiyo ndi mita yake ya m'manja muli pomwepo: ya 3kW yamoyo imawerenga ma ohm 17 kapena 18, ya 2kW pafupifupi 26. Ambiri agula elementi pomwe chofa chinali thermostat.

Pempho langa lipite kwa eni nyumba za lendi. Ikani thireyi pansi pa giza ya kudenga yokhala ndi paipi yotulutsira madzi panja, ndipo mlendi watsopano polandira makiyi mumuonetse pomwe pali swichi ya giza ndi valavu yotsekera madzi.

Pulambala,
Zingwangwa, Blantyre