Maboti opita ku zilumba za ku Salima akhale ndi siteji ndi mtengo wodziwika

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za maboti amene amanyamula anthu kuchokera pagombe la Senga Bay kupita ku zilumba zapafupi. Wina afunsa kuti munthu wa ku Lilongwe za maboti zikumukhudza pati, poti kuno madzi amene timawadziwa ndi a mtsinje wa Lilongwe ndi Lingadzi basi. Zikutikhudza kwambiri, chifukwa gombe limene lija ndi lathu lomwe. Ukachoka pa Kanengo n'kutsata msewu wa M14, pakatha maola awiri mapazi amakhala ali mumchenga. Loweruka lililonse, makamaka pa Khirisimasi, pa Pasaka ndi pa tsiku la anakubala la 15 October, amene amadzaza gombelo ndife: makwaya, amayi a banki m'khonde, ana asukulu ndi aphunzitsi awo, anthu a m'maofesi a ku Capital Hill. Okwera mabotiwo ndifenso, ndipo ambiri mwa ife kusambira sitidziwa.

Pempho langa n'lakuti pa Senga Bay pakhale siteji ya maboti yodziwika ndi aliyense, yokhala ndi nthawi yonyamukira, mtengo wolembedwa poyera m'makwacha, ndi maboti amene boma lawayeza. Oyendetsa siteji imeneyi akhale eni maboti a komweko.

Zokaona zilipo, ndipo si zochepa. Ukaima pagombe, moyang'anizana nawe pali Namalenje, kachilumba ka miyala kamene alendo amakatchula kuti Lizard Island chifukwa cha ng'azi zimene zimaothera dzuwa pamatanthwe ake. Chakummwera kuli zilumba zitatu, Maleri, Nankoma ndi Nakantenga. Zitatuzi zili m'gulu la zilumba 13 za Lake Malawi National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo amene dziko lonse lapansi liyenera kuwasamala. Chimene chinapatsa pakiyi ulemu umenewu ndi mbuna, tinsomba ta mitundumitundu timene timakhala m'miyala ya m'mbali mwa zilumba. Pali mitundu ina imene imapezeka pa chilumba chimodzi chokha, kwina konse kulibe. Ana athu amaloweza zimenezi m'kalasi kuti akhoze mayeso, pamene zinthu zake zili pamtunda woti kupita m'mawa n'kubwerako madzulo.

Nanga lero munthu amafikako bwanji? Njira ndi ziwiri. Ya anthu a ndalama ndi yosavuta: amalipira ku loji, loji imatumiza boti lake la liwiro, jekete yoyandamitsa aliyense yakeyake, woyendetsa wodziwa ntchito. Palibe cholakwika pamenepo, kungoti mitengo yake anaiwerengera mlendo wobwera ndi madola. Ya ife enafe ndi ya pamchenga. Usanatseke n'komwe chitseko cha galimoto, anyamata atatu kapena anayi akuzungulira: "Bwana, ku island? Madamu, boat ride? Tipanga bwino mtengo." Mtengowo umatengera galimoto imene wabwera nayo ndi nsapato zimene wavala. Amene wakuitanayo nthawi zambiri si mwini boti, ndiye pa ndalama imene mwagwirizanayo pali yake, pali ya mwini boti, pali ya mafuta, ndipo kuti zonsezi zikwane, botilo liyenera kudzaza mpaka pakamwa.

Ndinaonerera gulu lina la amayi a mpingo likukwera boti lotereli. Linali boti la matabwa lopakidwa penti wa buluu, injini imodzi kumbuyo. Amayiwo ankalowa m'madzi ofika m'maondo, dzanja limodzi litakwinya chitenje, linalo litanyamula zikwama ndi makontena a mpunga, anyamata n'kumawakweza mmodzimmodzi. Majekete analipo ochepa, osakwana ngakhale mzere umodzi, ena zingwe zake zitaduka, ndipo anapatsidwa kwa amene analira kwambiri kuti akuopa. Pakati pa boti panakhala mwana wa zaka ngati khumi ndi ziwiri ali ndi chigubu chodulidwa pakamwa, ntchito yake kukapa madzi olowera m'mipata ya matabwa. Mafuta anali m'kabotolo, woyendetsa anakakweza m'mwamba n'kukayang'ana ndi diso kuti aone ngati akwane. Anakoka chingwe cha injini kangapo, italira amayi anayamba nyimbo, boti n'kumapita, madzi atatsala chikhatho chimodzi kuti afike m'mphepete mwake. Pagombe panalibe amene analemba kuti m'botimo mwakwera anthu angati, akupita pa chilumba chiti, abwera nthawi yanji. Anabwerako bwino, ndipo tsiku limenelo nyanja inali bata. Koma bata limenelo sanalikonze ndi munthu.

Ife a kumtunda tili ndi vuto loti nyanja timaiona ngati damu lalikulu. Asodzi amaidziwa mosiyana. Kuyambira cha mu May mpaka August kumawomba mwera, mphepo yochokera kummwera chakum'mawa, ndipo imatha kuwomba masiku angapo osapuma. Nyengo ya mvula kumabwera mpoto, umene umatha kudzuka mwadzidzidzi masana dzuwa likuwala. Nthambi yoona zanyengo imachenjeza pawailesi ndi pa Facebook mwera ukamabwera, koma chenjezolo limanena za asodzi, ndipo mayi wa ku Kawale amene wasonkha ndalama miyezi itatu kuti akaone nyanja saliona ngati lake. Akafika pagombe n'kumva kuti "lero kuli mafunde pang'ono koma tiyenda", amakhulupirira, chifukwa wanena ndi mwini nyanja. Sadziwa kuti wonenayo akapanda kuyenda, kunyumba kwake sikuphikidwa.

Nyanjayi inatiphunzitsa kale. Mu 1946 sitima ya Vipya, yachitsulo komanso yatsopano, inamira kumpoto ndi anthu 145. Pa Pasaka wa 2017 boti lodzaza mopyola muyezo linagubuduzika ku Mlowe m'boma la Rumphi litanyamula anthu ochokera ku mapemphero. Ngozi ikachitika timamva mawu omwewo, kuti boti linanyamula anthu ambiri, munalibe majekete, mphepo inabwera mwadzidzidzi. Patapita mwezi taiwala.

Lamulo lilipo. Inland Waters Shipping Act imafuna kuti chombo chonyamula anthu chilembetsedwe ndi kuyezedwa, ndipo nthambi ya zapamadzi mu unduna wa zamtengatenga ndiyo imayang'anira zimenezi. Ku Monkey Bay kuli sukulu yophunzitsa oyendetsa zombo. Chosowa ndi malo amodzi pamene lamulolo lingagwirire ntchito. Woyeza maboti sangathamangitse boti lililonse limene likunyamuka paliponse pamchenga wautali chonchija, koma maboti onse onyamula alendo atamanyamukira pamodzi, ntchito yake ingapepuke.

Za siteji si zachilendo kwa ife. Minibasi ndi kabaza wa njinga zamoto mumzinda muno zili ndi mavuto ake, ndipo sindikuziyamikira, koma pa siteji pamakhala tcheyamani, pamakhala mzere wa amene akunyamuka, mtengo wa ku Area 25 kapena ku Likuni aliyense amaudziwa, ndipo woyendetsa akalakwa pali koti n'kukadandaula. Zomwezi zingatheke pamadzi, kungowonjezera zimene madzi amafuna. Pakhale kanyumba ndi bolodi lolembapo mtengo wa ku Namalenje ndi wa ku Maleri, wa munthu mmodzi ndi wa gulu lobwereka boti lonse. Boti lililonse lilembedwe ndi penti pambali pake nambala yake ndi chiwerengero cha anthu amene lingatenge, kuti ngakhale gogo athe kuwerenga mitu n'kunena kuti ine sindikwera. Pakhale kope lolembamo maina a okwera ndi nambala ya foni ya m'bale wotsala kumtunda. Majekete akhale a siteji, osungidwa pamodzi, a ana alipo, ndipo wopanda jekete asakwere ngakhale atakhala bwana wotani. Mphepo ikaipa pakwezedwe mbendera yofiira, ndiye kuti tsiku limenelo palibe boti lonyamuka. Mbendera imeneyi ingateteze woyendetsa yemwe, chifukwa sangakakamizidwenso ndi alendo oledzera kapena ndi mantha oti akakana iye, mnzake atenga ndalamayo.

Ndikudziwa zimene zimachitika nkhani ngati iyi ikafika m'maofesi. Amaitana msonkhano ku hotela, kenako timamva kuti apeza kampani yoti ibweretse maboti amakono, anyamata a pagombe n'kuthamangitsidwa ngati akuba. Zimenezo ndikukana. Anyamata amenewa anabadwira pamadzipo. Amadziwa pamene pali mwala wobisika, amaona mtambo n'kudziwa kuti ola likubwerali kuipa. Amene anaonapo mmodzi wa iwo akuliza likhweru, ataponya kansomba kobayidwa ndi kabango kuti kayandame, nkhwazi n'kutsika pamtengo wa pachilumba kudzakatola ndi zikhadabo pafupi penipeni ndi boti, akudziwa kuti luso limeneli palibe kampani ingabwere nalo. Akusowa maphunziro a masabata ochepa a chitetezo ndi chithandizo choyamba, chiphaso, ndi ngongole yofewa yogulira majekete ndi kukonzera injini. Nsomba zikuchepa m'nyanja, aliyense wogula chambo mumsika wa Lilongwe akuona yekha pa mtengo wake, ndiye boti limene lingapeze ndalama ponyamula anthu m'malo mowonjezera khoka pamadzi ndi phindu kwa tonse.

Eni maboti adzati mafuta ndi odula, ndipo nthawi zina sapezeka n'komwe, ndiye mtengo wokhazikika uwapha. Ali ndi mfundo. Koma chimene chimadya mafuta kwambiri ndi ulendo wa anthu atatu amene anenerera mtengo mpaka kuufinya, boti linanso n'kunyamuka pambuyo pake ndi anthu anayi kupita komweko. Boti lonyamuka pa nthawi yodziwika, tinene m'mawa, masana ndi lomaliza lobwerera dzuwa lisanapendeke, limadzaza mwadongosolo ndipo mafuta amagawanika pa mitu yambiri. Mtengo ungathe kumasinthidwa mafuta akakwera, monga zimakhalira ndi mabasi. Komanso munthu wa ku Lilongwe akadziwiratu nthawi ndi mtengo asananyamuke, amaika ulendowo m'bajeti. Mphunzitsi wamkulu sangalembere makolo kalata yopempha ndalama ya ulendo umene mtengo wake ukadziwika pamchenga. Anthu a ku Likoma ndi Chizumulu akhala akukonza malonda, maukwati ndi ulendo wa kusukulu potsata tsiku limene Ilala imafika kuyambira 1951, ngakhale imachedwa nthawi zina, chifukwa tsikulo limadziwika.

Kwa amene akukayika ngati anthu a m'mphepete mwa nyanja angadzilamulire okha, yankho lili m'boma la Salima lomwelo. Chilumba cha Mbenji chakhala chikuyang'aniridwa ndi ufumu wa a Makanjira kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Dzinja likayamba chimatsekedwa kuti utaka uswane, asodzi onse amachokapo, ndipo chimatsegulidwa ndi mwambo cha mu April. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Akatswiri a zausodzi ochokera kunja amabwera kudzaphunzira kumeneko. Ngati mfumu ndi komiti yake akwanitsa kuletsa asodzi mazanamazana kuponya ukonde kwa miyezi ingapo, kuletsa boti kunyamuka popanda majekete sikungawakanike.

Mbenji yomweyo ikutikumbutsanso kuti si chilumba chilichonse chimene chili chokachitirako pikiniki. Mwambo wa kumeneko suloleza amayi kufikako, ndipo kaya munthu akugwirizana nazo kaya ayi, si nkhani yoti ithetsedwe ndi gulu la achinyamata a mu tauni lofika ndi kulabokosi ndi sipika. Siteji yolongosoka ingamuuze mlendo kumene angapite ndi kumene sangapite. Ku Maleri nako kuli malamulo a paki: pali ndalama yolowera, kuwedza pafupi ndi zilumba n'koletsedwa, kudula mitengo ndi kutola mbuna n'koletsedwa. Walira mvula walira matope, alendo akachuluka mabotolo, majumbo ndi mathewera a ana zidzachulukanso, ndipo ife a ku Lilongwe pa nkhani yotaya zinyalala mbiri yathu aliyense akuidziwa, angoyang'ana pansi pa mlatho wa kumsika. Boti lililonse libwerere ndi thumba la zinyalala za anthu ake, ndipo mlonda wa paki akhale ndi mpando pa siteji pomwepo kuti ndalama yolowera ilipiridwe limodzi ndi tikiti.

Ndikupempha khonsolo ya Salima kuti ndiyo iyambe, poti gombelo lili m'dera lake. Iitane eni maboti, mafumu, a nthambi ya zapamadzi, a zamapaki, apolisi ndi eni malo ogona alendo, ndipo msonkhanowo uchitikire pagombe pomwepo kuti oyendetsa maboti alankhule okha. Poyambira sipakufunika doko la simenti. Kanyumba ka malata, bolodi, kope, mbendera ndi majekete zingapezeke nyengo ya zikondwerero ikubwerayi isanafike, ndipo mahotela amene amapindula ndi khamu la ku Lilongwe angathandizepo pa majeketewo.

Pamene tikudikira, atsogoleri a makwaya, a magulu a amayi ndi aphunzitsi amene mukukonza ulendo wa kunyanja, werengani majekete musanapereke ndalama, funsani kuti botilo limatenga anthu angati, ndipo ngati gulu lanu ndi lalikulu, lipirani maulendo awiri.

Ine wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe