Chithunzi cha ubongo pachokha sichingauze dokotala podula

A Mkonzi,

Tiloleni tiikepo ndemanga pa nkhani ya makina ojambula ubongo, makamaka amene amafufuza mbali zoyendetsa chilankhulo munthu asanachotsedwe chotupa m'mutu. Odwala ndi abale awo akaona chithunzi chokhala ndi madontho ofiira ndi achikasu amaganiza kuti dokotala wapeza malire enieni, kuti apa ndi podula, apa ayi. Zimatidetsa nkhawa, chifukwa chithunzicho chimathandiza koma chimathanso kunama, ndipo chikanama munthu amadzuka akulephera kutchula dzina la mwana wake.

Makinawa amatchedwa fMRI, ndipo chimene amaona ndi magazi. Mbali ya ubongo ikayamba kugwira ntchito, timitsempha ta pamalopo timakula n'kubweretsa magazi a okosijeni ochuluka kuposa ofunikira. Magazi a okosijeni ndi opanda okosijeni amachita mosiyana akakhala m'maginito, ndipo kusiyana kumeneku, komwe wasayansi Seiji Ogawa anakufotokoza mu 1990, ndi kumene makina amagwira. N'kochepa kwambiri, ndiponso kumachedwa: kumafika pachimake patatha masekondi 4 mpaka 6 ubongo utayamba ntchito.

N'chifukwa chake kuyeza kumachitika mobwerezabwereza. Wodwala amagona m'makina okhala ndi maginito a mphamvu ya 1.5 kapena 3 tesla, mutu utatsekerezedwa ndi timapilo. Amachita ntchito ya mawu kwa masekondi 20 mpaka 30, n'kupuma nthawi yofanana, kasanu kapena kasanu n'kamodzi, kenako kompyuta imafananiza nthawi ziwirizo. Akhoza kumuonetsa chithunzi cha mpeni kuti aganize mawu akuti "kudula", kumupatsa chilembo kuti apeze mawu oyamba nacho, kumumalizitsa chiganizo, kapena kumumvetseretsa nkhani. Zambiri amachitira mumtima, chifukwa chibwano chikayenda mutu umayendanso, ndipo kusuntha kwa mamilimita 2 kapena 3 kumakwanira kuwononga zotsatira.

Apa pabisala vuto limene ambiri saliona. Popeza wodwala ali chete, palibe amene angatsimikize kuti akuchitadi ntchitoyo. Mwina watopa, mwina phokoso la makina lamusokoneza, mwina chotupa chayamba kale kumulanda mawu. Choncho ayenera kuyeserera kaye mokweza ali kunja kwa makina, woyeza akumumva. Wosadziwa kuwerenga apatsidwe zithunzi ndi mawu omvera m'makutu. Ndipo tikunenetsa kuti ayesedwe m'chilankhulo chimene anayamwira. Wolankhula zilankhulo ziwiri ayesedwe m'zonse, pakuti ngakhale malo ake ambiri amalowerana, pamapezeka timalo tothandiza chilankhulo chimodzi chokha.

Chimene fMRI imachita bwino ndi kusonyeza mbali ya ubongo imene ili ndi chilankhulo. Mwa anthu ogwiritsa ntchito dzanja lamanja, pafupifupi 95 pa 100 alionse chili kumanzere. Mwa amanzere, pafupifupi 70 pa 100. Kale funsoli linkayankhidwa ndi njira ya Juhn Wada, yobaya mankhwala mu mtsempha waukulu wa pakhosi kuti theka la ubongo ligone kwa mphindi zochepa. Masiku ano fMRI yalowa m'malo mwake m'zipatala zambiri, ndipo wodwala sabayidwa kalikonse.

Koma funso lakuti "kodi kamalo aka ndingakachotse?" ndi lina. Chotupa cholusa, monga glioblastoma, chimamera timitsempha take topanda dongosolo, ndipo mitsempha yozungulira imaleka kukula pofunika. Ubongo wa pamenepo ukhoza kukhala ukugwira ntchito bwinobwino koma magazi osasintha, chithunzi n'kuonetsa ngati palibe kanthu. Uku ndiye kulakwitsa koopsa koposa, chifukwa kumaitanira mpeni pamalo amoyo. Nthawi zina zimatembenuza yankho lonse, chilankhulo n'kuoneka ngati chili kumanja pamene chili kumanzere. Kulakwitsa kwina n'kwakuti dontho limawala pa mtsempha wotulutsa magazi, patali ndi malo amene agwiradi ntchito. Magazi akale otsalira m'chotupa, zitsulo za opaleshoni yakale ndi mpweya wa m'mphako za pafupi ndi mphuno ndi makutu zimafufutanso chizindikiro. Ngakhale kukula kwa madonthowo kumatengera mlingo umene wosanthula wasankha pa kompyuta: akautsitsa amakula, akaukweza amafota. Onjezerani apo kuti malo owala amangotanthauza kuti atengako mbali, osati kuti popanda iwo munthu sangalankhule.

Ndipo chilankhulo sichikhala pamwamba pa ubongo pokha. Malo a chilankhulo amene dokotala Paul Broca anafotokoza mu 1861 ndi amene Carl Wernicke anafotokoza mu 1874 amalumikizidwa ndi mitolo ya ulusi wotumiza mauthenga yodutsa pansi, monga arcuate fasciculus. Kudula mtolo wotero nthawi zambiri kumasiya chilema chovuta kuchira kusiyana ndi kuchotsa kachigawo ka pamwamba. Kujambula kwina kotchedwa DTI kumayerekeza njira za ulusiwu potsata mmene madzi amayendera, koma kumasokera pamene mitolo yapingasana kapena pamene ubongo watupa. Chigaza chikatsegulidwa, madzi a mu ubongo n'kutuluka, ubongo umasuntha, mwina sentimita yathunthu kapena kuposa, moti mapu a dzulo sagwirizananso ndi zimene dokotala akuona.

Choncho chotupa chikakhala pafupi ndi malo a chilankhulo, choweruza chenicheni ndi kuyesa ndi magetsi wodwala ali maso, njira imene dokotala Wilder Penfield anaikulitsa ku Montreal, m'dziko la Canada. Ubongo weniweniwo sumva ululu. Khungu la pamutu ndi limene limabayidwa mankhwala a dzanzi. Wodwala amagonekedwa potsegula chigaza, kenako amadzutsidwa. Katswiri wa kalankhulidwe amamuonetsa chithunzi chatsopano pa masekondi 4 alionse kuti atchule dzina lake. Dokotala amakhudza ubongo ndi kachipangizo ka nsonga ziwiri zotalikirana mamilimita 5, kuyambira magetsi ochepa kwambiri, mamiliampeya 1 kapena 2, n'kumakweza pang'onopang'ono, kosapitirira masekondi 4 pamalo amodzi. Magetsiwo amasokoneza kamaloko kwa kanthawi. Malo alionse amayesedwa katatu, mosatsatizana. Wodwala akalakwitsa kawiri, kaya wangoti zii kapena watchula dzina lina, pamaikidwa kapepala ka nambala ndipo pamenepo sipadulidwa. Kuyesaku kumapitirira mkati mwa dzenje pofunafuna mitolo ya ulusi ija. Magetsi akayambitsa khunyu, amathira madzi ozizira a mchere otchedwa Ringer pa ubongo ndipo kawirikawiri limaleka nthawi yomweyo.

George Ojemann atayesa odwala 117 mwa njira imeneyi, zotsatira zake za mu 1989 zinasonyeza kuti malo ofunika amasiyana kwambiri munthu ndi munthu, ndipo ambiri ndi aang'ono, sentimita imodzi kapena ziwiri. Kafukufuku wa De Witt Hamer ndi anzake wa mu 2012, wophatikiza odwala opitirira 8,000, anapeza kuti chilema chachikulu chokhalitsa chinagwera 3.4 pa 100 mwa oyesedwa ndi magetsi, poyerekeza ndi 8.2 pa 100 mwa osayesedwa, pamene chotupa chinachotsedwa chonse mwa 75 pa 100 poyerekeza ndi 58.

Si onse angakwanitse kukhala maso. Ana aang'ono, amantha kwambiri, ovutika kupuma ndi amene mawu awathawa kale kwambiri sangayesedwe motero. Kwa iwo fMRI, DTI ndi TMS, yomwe imasokoneza kamalo ka ubongo ndi maginito kuchokera kunja kwa mutu, zimadaliridwa kwambiri, ndipo dokotala amasiya mpata waukulupo pakati pa podula ndi malo a chilankhulo.

Abale adziwiretu kuti masiku oyambirira wodwala akhoza kulankhula movutika kuposa kale chifukwa cha kutupa, ndipo ambiri amabwerera pakatha milungu ingapo mpaka miyezi itatu. Apemphe kuti kalankhulidwe kake kayesedwe ndi kulembedwa opaleshoni isanachitike, kuti katswiri womuphunzitsanso kulankhula adzakhale ndi poyambira.

Ife owerenga anu,
Ogwira ntchito za matenda a ubongo