Kwa inu amene munatiikira paipi ya mpweya wotentha kuno ku Makawa

Akuluakulu, foni yanu imangolira, pa WhatsApp mumawerenga osayankha, ndiye ndabwera nazo patsamba lanu lomweli.

Munatimangira chowumitsira usipa kuti dzinja likafika nsomba zisamatiwolere pa thandala. Paipi yochoka ku ng'anjo kukalowa m'chipinda chowumitsiramo ndi ya mamita 10. Miyezi inayi sinathe, yang'ambika kale kawiri pachigongono chapafupi ndi ng'anjo, ndipo khoma lomwe munaimatiramo ndi simenti lachita mng'alu woti chala n'kulowa.

Anyamata anu atabwera anati vuto ndi ifeyo, ati timasonkhezera moto mosaganiza. Anawotcherera, kupakapo penti, kudya nsima yathu ya chambo, ulendo. Patangotha masabata atatu, yathethekanso m'mphepete mwenimweni mwa chigamba chawocho.

Ndinaitana injiniya wina ndi ndalama za m'thumba mwanga, ndipo sanachedwe nazo. Chitsulo chikatentha chimatalika. Mita imodzi imawonjezera pafupifupi mamilimita 1.2 pa madigiri 100 aliwonse, ndiye paipi ya mamita 10 ikatentha ndi madigiri 200 imafuna malo ena a mamilimita 24. Inuyo munaigwira nganganga uku ku ng'anjo, uku m'khoma, mabulaketi apakati nawonso munawotcherera. Ilowere kuti? Masana imakankha, usiku ikazizira imakoka, tsiku ndi tsiku, ngati waya amene ukumupindira uku ndi uku mpaka aduke. Phokoso lija la tho! tho! linkamveka moto ukazima, mlonda wathu mpaka kuyamba kukamba za afiti, inali paipi ikulimbana ndi mabauti anu.

Injiniyayo anandifunsa kuti expansion joint, cholumikizira cholola paipi kutalika ndi kufupika, ili pati, ine kukamwa yasa. Anati paipi yotere amaimanga zolimba pamalo osankhidwa bwino, kwina konseko imangokhala pa zochirikiza zoilola kutsetsereka, ndipo zonsezi amawerengetsera papepala asanadule chitsulo n'chimodzi chomwe. Apa m'pamene mtima wanga wawawira. Pa koteshoni yanu pali mzere wolembedwa kuti stress analysis, omwe ndi masamu amenewa, ndipo tinalipira. Masamuwo anawerengetsa ndani? Pepala lake lili kuti?

Panopa kutentha kukuthawira pong'ambikapo. Nkhuni zikutha ngati tikuwotcha njerwa, koma usipa ukutuluka wofewa, woti ukagona m'thumba masiku awiri wayamba fungo. Amayi amene amatipikula kukagulitsa ku Limbe atibwezera matumba atatu sabata yatha. Gulu lathu lili ndi ngongole ya kubanki m'khonde, ndipo Lachisanu lililonse amene amaima kutsogolo kuyankha mafunso a anthu ndine, osati inu.

Musatitumizirenso mnyamata wa makina owotcherera, chigamba china sitichifuna. Abwere amene anasayinira koteshoni ija, atanyamula masamu ake, adzamasule mabulaketiwo, aike expansion joint, akonzenso khoma, zonse pa ndalama zanu. Malisiti ndi zithunzi ndasunga. Mwezi uno ukatha muli chete, tikaonana kubwalo la majisitireti ku boma.