Kalata yotseguka kwa aphungu athu: ana akufunsa za mlengalenga, ife tili ndi choko basi

Olemekezeka, ndine mphunzitsi wa physics pa sekondale ina yoyendera muno mu Mzuzu. Ndalemba poyera chifukwa makalata awiri amene ndinakasiya ku ofesi kwanu sanayankhidwe, pa WhatsApp naponso mumangowerenga nkukhala chete.

Temu yatha ndikuphunzitsa za mafunde ku Fomu 4 ndinapatuka pang'ono nkuwauza ana za ma gravitational waves, mafunde amene amayenda mlengalenga zinthu zolemera kwambiri zikawombana, aja makina a LIGO ku America anawagwira koyamba pa 14 September 2015 ma black hole awiri atawombana. Mtsikana wina wokhala kumbuyo anafunsa kuti sala, nanga amadziwa bwanji kumene mafundewo achokera? Ndinamuuza kuti bingu likagunda wa ku Luwinga ndi wa ku Katoto salimva nthawi imodzi, amene ali pafupi ndiye amayamba. Makina a LIGO ali malo awiri ndipo nawonso ndi choncho, a ku Livingston anamva kaye, a ku Hanford nkumva patapita ma millisecond 7. Koma makina awiri amangoloza chigawo chachikulu cha thambo, mpaka atabwera achitatu. Pa 17 August 2017 anagwira mafunde ena, a nyenyezi ziwiri zotchedwa neutron star zitawombana, makina achitatu a Virgo a ku Italy akugwira nawo ntchito, malo ofufuza anachepa, ndipo tsiku lisanathe ma telesikopu anapeza kuwala kwa kuwombanako mu galaxy (gulu lalikulu la nyenyezi) ya NGC 4993. Apa ndiye pali phindu lonse, mafunde amakuuza mtunda, kuwala kumakuuza liwiro limene galaxy ikuthawira, ukaphatikiza umapeza mmene chilengedwe chikufutukukira. Nambala yoyezera kufutukukako anaipeza cha m'ma 70, pomwe akatswiri ena amakangana kuti ndi 67 kapena 73.

Mwanayo sanakhutire, ndiye ndinachita cholakwa chomuuza kuti data ya LIGO ili pa intaneti yaulere. Loweruka anabwera wapansi kuchokera ku Mchengautuwa kukuwaza kamvula kathu kozizira kaja, yunifolomu ili nyowe, ine nditabwereka laputopu ya mnzanga yomwe batire lake linafa kalekale. Tangoyamba kudawunilodi magetsi anathima, tinasamukira pa foni yanga, bandulo nkutha. Chimene chinatsala ndi chithunzi chimodzi cha graph pa sikirini yanga yosweka, ndipo mwana uja anakhala pansi pa khonde nkumajambula mafundewo ndi pensulo m'kope mwake, mzere ndi mzere, kuti akaonenso kunyumba. Olemekezeka, ndinasowa poyang'ana.

Zina ndingotchula mwachangu, labu yathu ilibe soketi yogwira, mabuku amagawana ana ambirimbiri, maginito ndimagula ndekha mu msika. Nthawi ya kampeni munaima pa galaundi yathu yomweyi nkunena kuti chipinda cha makompyuta chibwera ndi ndalama za CDF, makolo anaomba m'manja, anaumba ndi njerwa zomwe. Njerwazo pano zamera ndere.

Ndikukulemekezani, ndipo ndikudziwa kuti pakhomo panu pamadzaza anthu a maliro ndi a fizi. Mwina mukuti za ma black hole sizidyetsa munthu. Koma anzathu sakudikira, India ikumanga LIGO yake ku Maharashtra kuti kulozako kuzikhala kolondola, ku Ulaya akukonza Einstein Telescope ya pansi pa nthaka, ku America akuganiza za Cosmic Explorer ya makilomita 40, ndipo LISA, makina ogwirira mafundewa kuthambo, ikuyembekezeka kukwera mlengalenga cha mu 2035. Nthawi imeneyo mwana wa pensulo uja adzakhala ndi zaka zosakwana 30. Makina amenewa sadzamangidwa ku Malawi, inenso sindikulota, koma data yake amaiwerengera pa kompyuta paliponse. Ngakhale pa SKA, telesikopu yaikulu ya mafunde a wailesi ya ku South Africa, Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la maiko othandizana nawo, ife ayi, ndiye tizingoonerera mpaka liti?

Pempho langa nali. Chipinda chija chimangidwe chaka chino, chikhale ndi makompyuta ngakhale khumi, sola ndi intaneti yolipiridwa, mutiuze tsiku lake polemba osati pa msonkhano. Ndipo mukapita ku Nyumba ya Malamulo mukafunse kuti ana athu okonda sayansi ya zakuthambo angalowe bwanji m'mapulogalamu ngati a SKA. Mukafuna kuona kope la mwana uja bwerani, lili mu kabati mwanga.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa physics, Mzuzu