Kwa Tadala, za chikombole ndi njerwa

Wokondedwa mwana wanga Tadala,

Kuno ku Kasungu tili bwino, mayi ako akupereka moni. Mvula yagwa ndipo fodya tawokera kale.

Mawu ako a pafoni aja sanandigonetse tulo. Akuti class ndi object za mu Python, chinenero cholembera mapulogalamu a pakompyuta, zakuzunguza mutu mpaka ukufuna kusiya. Usasiye, mwanawe. Inenso, nditazolowera chinenero china cha Pascal, ndinatha miyezi ndikuloweza matanthauzo osatolapo kanthu.

Ukukumbukira chaka chomwe tinkaumba njerwa za nyumba ino? Chikombole chinali chimodzi, koma njerwa zinadzaza uvuni. Class ndi chikombole chija, object ndi njerwa iliyonse payokha. Kungoti njerwa imangokhala duu, pomwe object imasunga zake ndipo imagwira ntchito. Anthu amene anayambitsa nzeruyi ku Norway, a Ole-Johan Dahl ndi a Kristen Nygaard, anapanga chinenero cha Simula 67 pofuna kuyerekeza zinthu zenizeni pakompyuta. Nawenso yamba ndi chinthu chomwe ukuchidziwa.

Lemba class yotchedwa Mlimi. Mu __init__, gawo la class lomwe limayenda object ikamapangidwa, uikemo dzina, mudzi ndi ngongole ya feteleza. Kenako ulembe method, kutanthauza ntchito yomwe object imagwira, yotchedwa gulitsa, yoti mlimi akagulitsa belo ku Chinkhoma ndalamazo zichotsedwe pa ngongole yake. Upange alimi awiri, mmodzi agulitse, winayo ayi, uone ngongole zawo. Ukapeza kuti ya winayo sinasunthe, self uja amalembedwa mu method wamumvetsa: ndi mlimi amene wafika pa sikelo nthawi imeneyo, osati alimi onse.

Pangongolepo ndiye usamale kwambiri. Isinthidwe kudzera mu method basi, monga nkhokwe ya khomo limodzi. Ndinalembapo pulogalamu ya kalabu ina ya alimi momwe nambala imeneyi inkasinthidwa m'malo asanu. Mayi wina wamasiye anadulidwa kawiri, ndipo ndinachezera usiku utatu kufunafuna pomwe panalakwika. Nkhope yawo sindinaiiwale mpaka lero.

Za inheritance, zoti class ina imatengera za inzake, usazithamangire, zidikire kaye.

Ulembe ndi zala zako, osakopera pa intaneti. Ukatha unditumizire pa WhatsApp ngakhale ikukana kuyenda, tidzaiwerenge limodzi Loweruka madzulo ndikachoka kumunda.

Ndine bambo ako.