Batani la ESC lisazimitsidwe chifukwa choopa kusekedwa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene yafala pakati pa achinyamata athu okonda galimoto zothamanga, makamaka amene tili nawo kuno ku South Africa ndipo ayamba kupita ku mabwalo a mpikisano monga Kyalami, Zwartkops ndi Killarney pa masiku amene mabwalowa amalola munthu wamba kulipira n'kuyesa galimoto yake. Pali chiphunzitso chimene anthu akupatsirana chakuti dalaivala weniweni akangolowa m'bwalo ayenera kudina batani lozimitsa ESC, makina a kompyuta othandiza kuti galimoto isaterereke n'kuzungulira, ndipo amene wasiya makinawa akugwira ntchito ndi wamantha. Ine ndikutsutsa chiphunzitsochi, ngakhale kuti ndikudziwa bwino kumene chinachokera.

Makina amenewa ali ndi mayina ambiri malinga ndi kampani. A Mercedes-Benz ndi a Volkswagen amati ESP, a BMW amati DSC, a Porsche amati PSM, pamene a Toyota amati VSC, koma ntchito yake ndi imodzi. Kachipangizo kena kamayeza mmene dalaivala wapindira chiwongolero, kena kamayeza mmene galimoto yonse ikutembenukira, ndipo pa tayala lililonse pali kena kowerenga liwiro lake. Kompyuta imayerekeza kumene dalaivala akufuna kupita ndi kumene galimoto ikulowera, ndipo a Bosch, amene amapanga makinawa, amati imachita zimenezi ka 25 pa sekondi iliyonse. Galimoto ikakana kukhota, mutu wake n'kumangolunjika kunja kwa kona, kompyuta imagwira buleki ya tayala lakumbuyo la mkati mwa konayo. Kumbuyo kwa galimoto kukayamba kuthawira kunja ngati ikufuna kuzungulira, imagwira tayala lakutsogolo la kunja, ndipo nthawi zambiri imachepetsanso mphamvu ya injini. Apa ndi pamene ambiri salingalirapo: dalaivala, ngakhale atakhala katswiri wotani, ali ndi chopondera buleki chimodzi cha matayala onse anayi, ndipo palibe phazi la munthu limene lingagwire tayala limodzi lokha n'kusiya enawo akuyenda.

Makinawa anayamba kuikidwa m'galimoto zogulitsa mu 1995, pamene Mercedes-Benz ndi Bosch anawaika m'galimoto yodula ya S-Class. Anafalikira msanga kutsatira manyazi a mu 1997, pamene atolankhani a magazini ya ku Sweden ya Teknikens Värld anagubuduza Mercedes A-Class yatsopano poyesa kuzemba chinthu mwadzidzidzi pamsewu, ndipo kampaniyo inakakamizika kuika ESP m'galimoto zonse za mtunduwo. Bungwe la boma la America loona za chitetezo cha pamsewu, NHTSA, linapeza kuti ESC imachepetsa ngozi zochitika kwa galimoto imodzi payokha ndi 34 peresenti pa galimoto zing'onozing'ono ndi 59 peresenti pa ma SUV. N'chifukwa chake dziko la America linalamula kuti galimoto zonse zatsopano za 2012 kupita m'tsogolo zikhale nayo, ndipo maiko a European Union anachita chimodzimodzi kuyambira mu Novembala 2014.

Amene amazimitsa ali ndi mfundo zawo, ndipo sindikufuna kuzibisa. ESC inakonzedwa poganizira msewu wa anthu onse, kumene kuterereka kulikonse ndi chizindikiro cha ngozi, pamene pabwalo la mpikisano galimoto imakhota mwaliwiro lake lonse matayala akamaterereka pang'ono chabe. Katswiri amene akufuna kuti kumbuyo kwa galimoto kusunthe pang'ono polowa m'kona amapeza kompyuta ikumutsekereza, ndipo potuluka, pamene akufuna kuponda moto, injini imazengereza ngati yatsamwa. Komanso makinawa akamagwira mabuleki kona iliyonse kwa mphindi 20, mabulekiwo amatentha kwambiri, mapadi amatha msanga, ndipo pa galimoto zina akumbuyo ndi amene amayamba kununkha. Zonsezi ndi zoona. Funso ndi lakuti, kodi mwa anthu amene amabwera pa masiku otsegulira aliyense, ndi angati amene afika pa luso loti ESC ndiyo ikuwachedwetsa?

Mwa kuona kwanga, ndi ochepa zedi. Munthu wongoyamba kumene akaona kanyali kachikasu ka chithunzi cha galimoto yokhala ndi timizere tokhotakhota kumbuyo kakuphethira pa dashibodi, amaganiza kuti makina akumuletsa kuthamanga, chikhalirecho kanyaliko kakumuuza kuti walakwitsa. Kawirikawiri amakhala kuti walowa m'kona ndi liwiro lopitirira, kapena wakoka chiwongolero mwamphamvu nthawi imodzi m'malo mochipinda pang'onopang'ono, kapenanso waponda moto chiwongolero chisanayambe kuwongoka. Dalaivala wodekha manja amatha kuzungulira bwalo mwaliwiro labwino kanyaliko osaphethira n'komwe, ndipo alangizi ambiri amagwiritsa ntchito zimenezi pophunzitsa: wophunzira azungulire mpaka kanyali katasiya kuyaka pa kona imene imamuvuta, kenako awonjezere liwiro. Kuzimitsa ESC pofuna kuti kanyali kasiye kuphethira kuli ngati kupha tambala kuti kusache. Cholakwa cha manja ndi cha phazi chimakhalapobe, kungoti tsopano chidzaonekera pa khoma la matayala.

Chinanso chimene chiphunzitsochi chimaiwala ndi chakuti galimoto zamasewero za masiku ano sizili ndi malo awiri okha, kuyatsa ndi kuzimitsa. Galimoto za BMW M zili ndi M Dynamic Mode, za Porsche zili ndi PSM Sport, Toyota 86 ndi Subaru BRZ zili ndi batani lake lofewetsa VSC, ndipo Chevrolet Corvette ili ndi masitepe angapo, kuyambira la msewu wonyowa kufika la mpikisano. Pa masitepe apakatiwa kompyuta imalola galimoto kuterereka ndithu, kokwanira kuti dalaivala amve m'chiuno mmene kumbuyo kukuyendera, koma imalowererapo zinthu zikafika poti galimoto izungulira. Munthu amene wadumpha masitepe onsewa n'kukanikiza batani kwa masekondi angapo kuti zonse zizime, pa tsiku lake loyamba, pa bwalo limene sakulidziwa, sakuphunzira msanga kuposa mnzake. Akungowonjezera mtengo wa cholakwa chake choyamba.

Ena amati akatswiri a Formula One sagwiritsa ntchito makina otere, choncho nawonso sayenera. Ndi zoona kuti makina oletsa matayala kupalasa poponda moto, amene ndi m'bale wake wa ESC, analetsedwa mu Formula One mu 1994, analoledwanso mu 2001, kenako analetsedwa kachiwiri mu 2008. Koma sanaletsedwe chifukwa chochedwetsa galimoto. Analetsedwa chifukwa ankapeputsa ntchito ya dalaivala, ndipo oyendetsa masewerowa ankafuna kuti luso la munthu lizioneka. Pomwe malamulo amalola, matimu amawagwiritsa ntchito mosachita manyazi. Galimoto za gulu la GT3, zimene zinabwera ku mpikisano wa maola 9 wa ku Kyalami utayambiranso mu 2019, zili ndi ABS, yoletsa matayala kukhwekhwereza pogwira buleki, komanso makina oletsa matayala kupalasa, ndipo dalaivala amawasintha ndi kabatani ali mkati mothamanga, mvula ikayamba kapena matayala akatha. Ngati munthu wolipidwa kuti apambane sakuona chonyozeka pothandizidwa ndi kompyuta, sindikumvetsa chifukwa chimene mnyamata amene galimoto yake akadali kuibweza ku banki angachitire manyazi.

Nkhani ya ndalama ndi yofunika kuinena poyera. Mapangano ambiri a inshuwalansi ya galimoto salipira ngozi yochitikira pa bwalo la mpikisano, ndipo ndi bwino kuwerenga pepala lako usanavale chisoti. Ku Nürburgring, ku Germany, kumene njira yotchuka ya Nordschleife ndi yotalika makilomita 20.8 ndipo zitsulo zotchinga zili pafupi kwambiri ndi phula, munthu amene wagunda zitsulozo amalipira kukonzetsa kwake, kukokedwa kwa galimoto yake, ngakhalenso nthawi imene njirayo yatsekedwa chifukwa cha iye.

Sindikunena kuti batanilo lisadzakhudzidwe mpaka kalekale. Aliyense wofuna kudziwa kuyendetsa ayenera tsiku lina kumva mmene galimoto imachitira popanda womugwira dzanja, koma malo ake ndi pabwalo lathyathyathya lothiridwa madzi, lopanda khoma, pa liwiro lochepa, mlangizi ali pambali. Kumeneko galimoto ikazungulira, anthu amangoseka n'kuyambiranso. Pa bwalo lenileni, ESC ikhale yoyaka matayala akadali ozizira, kukakhala chinyezi, ndiponso pamene pali galimoto zina pafupi, poti amene wazungulira pakati pa kona amaika pangozi ndi amene akubwera kumbuyo kwake.

Chimene chandikakamiza kulemba ku nyuzipepala ya kwathu ndi chakuti batani lomweli lili m'galimoto zambiri zochokera ku Japan zimene zikuyenda ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu, monga Toyota Mark X ndi ma Subaru, ndipo chiphunzitso cha pabwalo chikhoza kutsikira pa msewu wa M1, kumene m'mbali muli akabaza, ana a sukulu ndi mbuzi. Pamsewu wa anthu onse, nthawi yokhayo imene kudina batanilo kungathandize ndi pamene galimoto yatitimira m'matope kapena mumchenga ndipo matayala akufunika kupalasa kuti ituluke, ndipo ikangotuluka makinawo ayatsidwenso. Ogula galimoto zakale aonetsetsenso kuti kanyali ka VSC kakuyaka akangotembenuza kiyi, n'kuzima injini ikalira. Kakapanda kuyaka n'komwe, afunse wogulitsayo kuti babu lake linapita kuti, chifukwa amakaniko ena amalichotsa kapena kulimata tepi pofuna kubisa kachipangizo kowonongeka ka pa tayala, m'malo mokasintha.

Ine wowerenga wanu,
Johannesburg